Kusamala chilonda kunyumba akakutumbulani chithupsa

Mwafunsa kuti achipatala atumbula chithupsa cha m'khwapa n'kusiya bala lotseguka, ndiye muzilisamala bwanji. Musadandaule kuti sanalisoke. Amatero dala kuti mafinya otsala azituluka, ndipo balalo limapola kuyambira mkati.

Choyamba, sambani m'manja ndi sopo. Chotsani bandeji pang'onopang'ono. Ngati yamatirira, inyowetseni kaye, osaizula mwamphamvu.

Kenako tsukani bala ndi madzi amchere. Wiritsani theka la lita ya madzi, thiranimo kasupuni kamodzi ka mchere, dikirani azizire mpaka akhale ofunda. Pukutani kuchokera pakati kupita kunja, kansalu koyera kamodzi ulendo umodzi. Umitsani m'mbali, phimbani ndi bandeji yatsopano. Chitani zimenezi tsiku lililonse, komanso nthawi iliyonse bandeji ikanyowa.

Ngati anaika kansalu mkati mwa bala, musakatulutse nokha pokhapokha atakuuzani. Bwererani tsiku lomwe anakupatsani.

Chonde, musafinye, ndipo musathirepo phulusa, mankhwala otsukira mano, zitsamba kapena ufa wa m'makapusozi. Ambiri amatero pofuna kuti bala liume msanga, koma likatsekeka pamwamba mkati muli mafinya, chithupsa chimabwereranso. Mankhwala omwe munapatsidwa mumalize onse. Ululu ukavuta, imwani Panado. Thaulo lanu musabwerekane ndi wina.

Pitani kuchipatala tsiku lomwelo mukayamba kutentha thupi, kutupa kukamafalikira, ululu ukamakula kapena magazi akapanda kusiya. Zithupsa zikamabwerezabwereza, pemphani akuyezeni shuga.