Momwe mungazindikirire chithupsa chobisika m'kati mwa chiuno munthu akamadandaula msana

Ambiri amene amafika ku Bwaila kapena ku chipatala cha Area 25 akumva msana amakhala kuti anyamula matumba, apalasa kabaza tsiku lonse kapena aunga mizere yambiri kumunda. Amenewa amachira ndi panado ndi kupuma. Koma mwa apo ndi apo pamapezeka wina amene mafinya aunjikana mu mnofu wotchedwa psoas. Mnofuwu umayambira m'mbali mwa mafupa a msana wa m'munsi, n'kudutsa kuseri kwa matumbo, kukathera kumtunda kwa fupa la ntchafu, ndipo ndi umene umanyamula mwendo pokwera masitepe. Uli m'kati kwambiri moti chithupsa chake sichioneka pakhungu. Dokotala Herman Mynter adalongosola matendawa mu 1881, koma mpaka lero amazindikirika mochedwa.

Yambani ndi kufunsa mmene ululu ukumvekera. Msana wa kutopa umaleka munthu akagona. Uwu ayi: umawawa mbali imodzi, usikunso suleka, ndipo ululu umatsikira m'mphechepeche ndi kutsogolo kwa ntchafu. Funsaninso za kuwonda, thukuta la usiku, shuga, HIV ndi chifuwa chachikulu.

Kenako muoneni akuyenda. Amatsimphina atawerama pang'ono, ndipo akagona chagada mwendo wabwinowo umawongoka pomwe winawo umakhala chipindire, bondo lili m'mwamba. Mugonekeni chammbali, mbali yowawayo ikhale kumwamba. Ikani dzanja limodzi pathako, linalo ligwire bondo, mukokere ntchafu kumbuyo pang'onopang'ono. Ngati psoas muli mafinya, wodwala amakuwa kapena kukugwirani dzanja. Tsopano pindani mwendowo ndi kuupotokola modekha: akalola, vuto lili mu mnofu, akamva ululu paliponse pomwe mwausunthira, ganizirani mafinya a pa mfundo ya chiuno. Papasani m'mphechepeche. Chotupa chofewa pamenepo ambiri amachiyesa chophukacho. Gogodaninso mafupa a msana, muone ngati pali kalinunda.

Pomwe ambiri amasocherera ndi pa kutentha kwa thupi. Mabuku amatchula zizindikiro zitatu, kutentha thupi, kuwawa kwa msana ndi kutsimphina, koma odwala amene amabwera nazo zonse pamodzi safika ngakhale theka. Kuno ku Lilongwe munthu amafika kuchipatala atamwa kale bufeni, indosidi kapena diclofenac kwa masabata awiri, ndipo mankhwala amenewa amatsitsa kutentha. Mukamuyeza mupeza madigiri 36.8 pamene m'kati mafinya akuchuluka. Musafunse chabe kuti "Thupi likutentha?" Funsani kuti "Bambo, mwamwa chiyani lero m'mawa, ndipo mwayamba liti?" Apempheni aonetse timapepala ta mankhwalato. Makapisozi a amoxicillin ogula anayi kapena asanu ndi limodzi kwa ogulitsa a m'misika, amene amakhala padzuwa tsiku lonse, amangoziziritsa matenda osawathetsa, komanso amachititsa kuti tizilombo tisamere ku labotale. Msampha wina ndi malungo. Kachipangizo koyezera malungo kakhoza kuonetsa kuti alipodi, koma ngati LA watha masiku ake 3 ndipo mwendo ukukanabe kuwongoka, wodwalayo abwerere msanga, asapatsidwenso LA wina.

Mukakayika, yezani magazi kuona maselo oyera ndi ESR (muyezo woonetsa ngati m'thupi muli kutupa), yezaninso shuga, HIV ndi mkodzo. X-ray imaonetsa mafupa, mafinya siiwaona bwino, choncho chithunzi chooneka chabwinobwino chisakupusitseni. Pa fomu ya sikani ya pamimba lembani momveka kuti aone psoas mbali zonse ziwiri, apo ayi wojambula angoona chiwindi ndi impso. Mpweya wa m'matumbo umabisa chithupsa chaching'ono, ndiye sikani ikapanda kuonetsa kanthu pamene zizindikiro zilipo, pafunika CT, sikani yojambula m'kati mwa thupi mwatsatanetsatane. Ku zipatala zolipira imadula kwambiri. Ndi bwino kutenga kalata yotumiza wodwala ku Kamuzu Central kusiyana ndi kugulitsa mbuzi mothamanga.

Chithupsa chikapezeka, mafinya amatulutsidwa ndi kapaipi kolowetsa pakhungu kapena ndi opaleshoni. Mafinya ena apite ku labotale kokameretsa tizilombo, ena ku GeneXpert, makina oyezera TB. Kachilombo kofala ndi Staphylococcus aureus, komwe kawirikawiri kamamva cloxacillin. Ngati gwero lake ndi matumbo, amapereka ceftriaxone ndi metronidazole. Ngati ndi TB ya msana, ndi mankhwala a TB kwa miyezi yambiri. Kuthowa ndi madzi otentha kapena kutema mphini sikufika pomwe pali mafinya. Miyendo ikayamba kufooka, kapena mkodzo ukamakanika kutuluka, wodwala afike ku Central tsiku lomwelo.