Mmene mungapezere ndiwo za kwathu m'madera a anansi athu ku Joni

Munthu akangotsika basi pa Park Station amayesa kuti Joni ndi mudzi umodzi waukulu. Mukayenda makilomita ochepa chabe mudzamva chilankhulo cha pamsewu chitasintha, fungo la m'miphika litasintha, nyimbo za m'masaluni nazo zasintha. Ku Yeoville kumamveka Chilingala ndi Chifalansa ngati muli ku Kinshasa. Ku Hillbrow ndi Berea kwadzaza Chindebele cha ku Bulawayo. Ku Rosettenville ndi La Rochelle, kummwera kwa tauni, ndi Chipwitikizi cha ku Maputo. Asomali ali ku Mayfair, ndipo a ku Ethiopia agwira msewu wa Jeppe, umene tsopano ukutchedwa Rahima Moosa.

Amalawi tilibe dera lomwe tingaloze n'kunena kuti ili ndi lathu, ngakhale agogo athu anayamba kalekale kubwera kumigodi pa Wenela, mpaka Kamuzu analetsa mu 1974 ndege itagwa ku Francistown n'kupha anthu athu oposa 70. Tinamwazikana ku Fordsburg, Mayfair, Lenasia, Diepsloot, Cosmo City ndi kwina. Choncho wofuna ndiwo za kwathu adziwe mnansi amene amadya zofanana ndi ife, dera lomwe amakhala, ndi dzina limene iye amatchulira chinthucho. Mukangoti "chigwada" wogulitsa apukusa mutu chinthucho chili pamphuno panu.

Yambirani pa msika wa Yeoville, mumsewu wa Rockey. Chigwada amayi a ku Congo amati pondu kapena saka-saka, ndipo a ku Mozambique amaphikira matapa. Chimagulitsidwa chosinjasinja kale, chouma ndi chisanu m'timapepala ta pulasitiki. Musanalipire kagwireni kapepalako. Ngati m'kati muli zibuma za ayezi pambali, masamba ada bii ndipo akumveka kafungo kowawasa, ndiye kuti anasungunuka magetsi atazima kenaka n'kuumanso, asiyeni. Pophika musafulumire, chifukwa masamba a chinangwa ali ndi poizoni amene amachoka ndi kusinja ndi kuwira. Awire pafupifupi ola lathunthu poto ali wosavundikira, nsinjiro zibwere kumapeto.

Pa kondowole ndi pomwe ambiri amataya ndalama. Funsani ufa wa fufu wa chinangwa, umene a ku Congo amagulitsa poyeza ndi chitini. Musatenge garri wa a ku Nigeria: ndi chinangwa ndithu, koma chokazinga, chamiseremisere, ndipo sichinanda ngati kondowole. Wa m'mabokosi wolembedwa fufu nawo nthawi zambiri amausakaniza ndi nthochi kapena mbatata. Tapani pang'ono ndi zala; weniweni ndi wosalala ndipo amanunkhira chinangwa choviika. Madzi akawira phulani poto, thirani ufa nthawi imodzi n'kuvundula mwamphamvu. Mukayamba ndi phala ngati nsima ya chimanga mupeza ulimbo.

Masamba enawa pitani kwa amayi a ku Zimbabwe, omwe amayala m'mbali mwa misewu ya Hillbrow ndi Yeoville. Nkhwani amati muboora, mpiru amati tsunga, therere lobala ndi derere, ndipo repu dzina lake ndi lomwelo. Bonongwe eni dziko amamuika m'gulu la morogo, koma mawuwo amakuta masamba ambiri, ndiye nenani imbuya kwa Mzulu kapena thepe kwa Msutu. Za nsinjiro gulani mtedza wauwisi musinje nokha. Chiponde cha m'mabotolo a m'sitolo chambiri chimakhala ndi shuga, ndipo chimawononga ndiwo zotendera.

Kapenta wa ku Kariba amafanana ndi usipa, komabe si usipa. Amabwera ndi mchere wambiri ndiponso kamchenga, choncho muviikeni m'madzi ofunda mphindi 10, mutsuke kawiri, ndipo mchere muthire mutalawa. Usipa weniweni, utaka, chambo chowamba ndi mpunga wa Kilombero zimabwera ndi matransipota pa mabasi odzera ku Mwanza kapena Dedza, Tete, Nyamapanda ndi Beitbridge, ulendo wa masiku awiri kapena kuposa akachedwa pa boda. Katundu wotere sakhalitsa pashelefu, amayenda pakamwa. Funsani kutchalitchi komwe Amalawi amapemphera, ku mzikiti ku Mayfair ndi Fordsburg komwe abale athu Achiyao ndi ambiri, kapena m'magulu a WhatsApp a anthu a boma lakwanu. Nsomba ikafika thyolani imodzi: youma bwino imati thyo, yonyowa imapindika. Suzumirani pansi pa thumba. Kaufa kofiirira ndi umboni woti tizilombo tayamba kale kudya. Tsiku loyamba gulani kambale kamodzi, ndowa mudzagula mukamudziwa munthuyo.

Ufa wa chimanga uli m'sitolo iliyonse. Wolembedwa super maize meal ndiwo uli pafupi ndi ufa woyera, koma sunaviikidwe, ndiye umafuna moto wautali. Pa makapu 4 a madzi pangani phala ndi kapu imodzi, lithakathake mphindi 10 kapena 15 musanayambe kuthira wina pang'onopang'ono. Mukathamangira kuumitsa, nsima imamveka yaiwisi ndipo ikazizira imanyenyeka.

Zitenje sizivuta: a ku Mozambique amati capulana, a ku Congo pagne, ndipo nsalu zambiri zili ku Oriental Plaza ku Fordsburg. Funsani kaye ngati akudula kapena akugulitsa yonse ya mayadi 6.

Kayendedwe nako kali ndi malamulo ake. Takisi kuno ndi minibasi, ndipo imaimitsidwa ndi chizindikiro: chala cha mkombaphala m'mwamba ndiye kuti mukupita m'tauni, choloza pansi ndi ulendo wa m'dera lomwelo. M'tauni mumasinthira pa renki ya Noord kapena ya Bree, ndipo musanakwere funsani woyang'anira mzere, osati aliyense wokusekererani. M'takisimo mulibe kondakitala, ndalama zimadutsa m'manja kupita kutsogolo, ndipo wokhala pafupi ndi dalaivala ndiye amawerengera ndi kubweza chenji, choncho mlendo asakhale mpando umenewo. Pitani kummawa, makamaka Loweruka katundu akadali watsopano, ndalama zikhale zing'onozing'ono m'matumba awiri, foni isatuluke pamsewu.

Madera amenewa apolisi amafunsa mapepala kawirikawiri. Pasipoti ya Malawi imakupatsani masiku 30 opanda viza. Mukapyola ndi masiku osaposa 30 amakuletsani kulowanso chaka chimodzi, mukapyola kuposa apo ndi zaka 5. Yang'anani deti pa chidindo musanatuluke m'nyumba, ndipo chithunzi cha tsamba limenelo chikhale kwa m'bale wanu wina amene angayankhe foni msanga.