Mmene mphunzitsi angazindikirire ndi kuthetsa tsankho m'kalasi

Mwana amene akusalidwa sabwera kudzadandaula kwa aphunzitsi. Amayamba kukhala kumbuyo, amasiya kukweza dzanja, kenako amayamba kujomba, ndipo m'makalasi odzaza monga a ku Kawale, ku Chinsapo kapena ku Area 25, teremu ikhoza kutha mphunzitsi asanazindikire kuti mwanayo akuvutika.

Choncho yambani ndi kaundula. Onani ana amene amajomba kawirikawiri, ndipo pa nthawi yopuma muime pakhonde n'kuona amene wakhala yekha pansi pa mtengo pamene anzake akusewera fulaye kapena kugawana zitumbuwa. Mvetserani maina amene ana akuitanirana. Mwana wachialubino akamatchedwa "napweri", kapena wochokera kumudzi akamasekedwa chifukwa cha kayankhulidwe kake, dzudzulani pomwepo, pakuti mphunzitsi akangokhala chete ana amaona ngati wavomereza.

Dzifufuzeninso nokha, ngakhale kuti pamenepa m'pamene ambirife timazemba. Kodi mafunso a masamu mumafunsa anyamata okhaokha? Nanga kusesa ndi kukolopa mumapatsa yani? Sinthanitsani ntchito zimenezi, ndipo magulu a zokambirana muziwasankha inu, chifukwa ana akasankhana okha, wovala yunifolomu yong'ambika ndiye amatsala.

Mwana wachialubino amafuna chisamaliro chapadera, poti nthawi zambiri maso ake saona patali ndiponso amavutika ndi kuwala. Mukhazikeni kutsogolo pafupi ndi bolodi koma kutali ndi zenera, lembani zilembo zikuluzikulu uku mukuwerenga mokweza, ndipo muloleni avale chipewa ndi malaya a manja aatali. Ngati kalasi yanu imaphunzirira panja, malo ake akhale pamthunzi. Fotokozerani ana ena kuti chialubino n'chobadwa nacho ndipo sichipatsirana.

Makolo ena akadandaula kuti ana awo akuphunzira limodzi ndi ana osiyana nawo, akumbutseni mwaulemu kuti gawo 20 la malamulo oyendetsera dziko lino limaletsa tsankho, ndipo mu 2023 bwalo lalikulu la milandu ku Zomba linagamula kuti ana a Chirasta azilandiridwa m'masukulu a boma popanda kuwameta.

Mtsikana amene wabwerera kusukulu atabereka, monga mmene ndondomeko ya boma imalolera kuyambira mu 1993, musamusandutse chitsanzo pophunzitsa za mimba. Mulumikizeni ndi amayi a Mother Group, gulu la amayi a m'dera lothandiza atsikana pasukulu, ndipo nkhanza zikapitirira dziwitsani mphunzitsi wamkulu kapena imbani pa nambala yaulere yothandiza ana ya 116.