Kukonzekera Ulendo wa Makilomita 100 pa Njinga M'masabata 8 Okha

Munthu amene amagwira ntchito kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu, ndipo walembetsa mpikisano kapena ulendo wa gulu wa makilomita 100 pa njinga yakapalasa, kawirikawiri amadzidzimuka kutatsala masabata 8 okha, komanso ali ndi maola 5 kapena 6 pa sabata oti akonzekere. Nthawi imeneyi siyokwanira kuti apambane mpikisano, koma ndi yokwanira kuti munthu wathanzi amalize ulendowo ali ndi mphamvu, bola aigawe bwino. Chitsanzo chimene tigwiritse ntchito ndi ulendo wochoka ku Mzuzu kupita ku Nkhata Bay n'kubwerera, chifukwa mtunda wake wonse ukuyandikira makilomita 100, ndiponso chifukwa umanyenga anthu ambiri. Mzinda wa Mzuzu uli pamalo okwera pafupifupi mamita 1,250, pamene nyanja ili pansi pa mamita 500, choncho popita mumatsetsereka mukusangalala, ndipo ntchito yeniyeni imayamba pobwerera, miyendo itatopa kale.

Pa zonse zimene mungachite m'masabata amenewa, chimene simuyenera kuchiphonya ndi ulendo umodzi wautali pa sabata iliyonse, Loweruka kapena Lamulungu. Ngati ntchito yachuluka, maliro agwa kapena mwana wadwala, lolani kuti masiku enawo apite, koma ulendo wautaliwo muusunge, chifukwa ndi umene umaphunzitsa thupi kukhala pa chishalo maola ambiri. Yambani ndi makilomita 30, kenako muziwonjezera makilomita pafupifupi 10 sabata iliyonse. Kuchoka m'tauni ya Mzuzu kukafika ku Ekwendeni pa msewu wa M1 n'kubwerera ndi makilomita pafupifupi 40, ndiye ndi muyeso wabwino wa sabata yachiwiri. Sabata yachinayi muchepetseko mtunda kuti thupi lipume, ndipo pofika sabata yachisanu ndi chimodzi kapena yachisanu ndi chiwiri mukhale mutakwanitsa makilomita 70 kapena 80. Palibe chifukwa choyesera makilomita 100 onse tsikulo lisanafike. Pa maulendo amenewa muzipalasa pang'onopang'ono moti mutha kucheza ndi mnzanu osabanika. Anthu ambiri amaona ngati liwiro limeneli n'lochititsa manyazi, makamaka a sakaramento (a kabaza a njinga) akamawapitirira atanyamula munthu kumbuyo, koma iwowo akupita kufupi ndipo akapuma pa siteji, pamene inu muli ndi maola atatu kutsogolo kwanu.

M'kati mwa sabata mukhale ndi maulendo awiri aafupi, a mphindi 45 mpaka ola limodzi, mwachitsanzo Lachiwiri ndi Lachinayi. Apa ndi pamene munthu wa ku Mzuzu ali ndi mwayi, chifukwa sasowa chitunda pafupi ndi nyumba yake. Pa limodzi la masiku awiriwa, sankhani chitunda chimene chimakutengerani mphindi 4 kapena 5 kuti mufike pamwamba, mupalase kaye mofatsa kwa mphindi 10 kuti thupi litenthe, kenako mukwere mwamphamvu mpaka mawu azivuta kutuluka, mutsetsereke mukupuma, ndi kubwereza kanayi. Masabata akamapita mutha kufika kasanu ndi kamodzi. Tsiku linalo likhale lopepuka, ndipo kupalasa popita ndi pobwera kuntchito kumawerengedwa. Musachite masiku olimba awiri otsatizana, ndiponso mukaphonya sabata yathunthu musayese kubweza ngongole mwa kupalasa kawiri mtunda wake, chifukwa mawondo ndi amene amalipira.

Njinga ikonzedwe kumayambiriro, osati sabata yomaliza. Chishalo chikhale pamsinkhu woti pedulo ikafika pansi penipeni bondo likhale lopindika pang'ono chabe. Chishalo chotsika kwambiri chimapweteketsa bondo kutsogolo, ndipo chokwera kwambiri chimachititsa kuti chiuno chizigwedezeka uku ndi uku. Pitani nayo kwa wokonza njinga kuti aone mabuleki, tcheni, masipoko ndi matayala. Mabuleki ndiwo oyamba, poti mtsetse wa ku Nkhata Bay ndi wautali, uli ndi makona, ndipo mumadutsana ndi maminibasi ndi malole. Ngati njinga yanu ili ndi magiya, phunzirani kukwera ndi giya yopepuka miyendo ikuzungulira mofulumira, maulendo 80 kapena 90 pa mphindi ngati n'kotheka, m'malo mokankha giya yolemera. Phunziraninso kusintha chubu muli pakhomo, ndipo nthawi zonse muzinyamula chubu china, zigamba, guluu ndi pampu. Chipewa choteteza mutu muzivala ngakhale pa ulendo waufupi.

Nkhani ya chakudya ndi imene imagwetsa anthu amene anakonzekera bwino. Shuga amene thupi limasunga m'minofu ndi m'chiwindi amatha pakapita pafupifupi ola limodzi ndi theka kapena maola awiri munthu akupalasa mwamphamvu, ndipo akatha, miyendo imangolemera mwadzidzidzi, mutu umazungulira, ngakhale kachitunda kakang'ono kamaoneka ngati phiri. Njira yopewera ndi kudya musanamve njala. Ola loyamba likatha, muzidya magalamu 30 mpaka 60 a shuga ndi sitachi wopezeka m'chakudya chopatsa mphamvu pa ola lililonse, ndipo popeza nthochi imodzi yaikulu bwino ili ndi magalamu pafupifupi 25, nthochi ziwiri pa ola zikukwanira. Mbatata yophika, buledi wopaka jamu ndi mandasi zimagwiranso ntchito, ngakhale kuti mandasi amafuta ambiri amalemera m'mimba. Madzi muzimwa pang'onopang'ono, pafupifupi theka la lita pa ola, ndi kuwonjezera mukatsikira kunyanja kumene kumatentha kuposa ku Mzuzu. Mukamatuluka thukuta kwambiri, madzi osakaniza ndi Thanzi ORS amabwezeretsa mchere. Zonsezi muziyese pa maulendo a Loweruka, kuti mudziwe zimene mimba yanu imalola, chifukwa tsiku la mpikisano si loyesera chakudya chatsopano, nsapato zatsopano kapena chishalo chatsopano.

Ngati mukukonzekera mu Juni kapena Julayi, m'mawa ku Mzuzu kumazizira ndipo nkhungu imaphimba msewu, choncho valani chovala chowala ndi jekete yopepuka imene mungaivule dzuwa likatuluka. Amene ali ndi matenda a mtima, BP kapena shuga ayambe aonana ndi dokotala, ndipo amene wangochira malungo asafulumire kubwerera pa chitunda.

Sabata yomaliza ndi yopumula. Palasani kawiri kokha, mphindi 30 kapena 40 mopepuka, muzigona mokwanira, ndipo madzulo a tsiku loti mawa lake ndi ulendowo mudye nsima kapena mpunga monga mwa nthawi zonse, osadzaza mimba mopitirira. M'mawa mwa tsiku la ulendowo mumwe phala kutatsala maola awiri kuti muyambe. Gulu likanyamuka ndi liwiro, alekeni apite, ndipo pa mtsetse musalimbane ndi mapedulo, koma muzigwira mabuleki onse awiri mofatsa musanalowe pakona. Mukafika potembenukira ku Nkhata Bay, dzazani mabotolo, idyani nthochi kapena buledi ngakhale simukumva njala, ndipo chitunda choyamba muchiyambe ndi giya yopepuka kuposa imene mukuganiza kuti mukufunika, popeza kuchokera pamenepo mpaka kulowa mu Mzuzu mukhala mukukwera mamita opitirira 700.