Kupita ndi alendo ku Mulanje osaononga phiri

Mwafunsa za ulendo wokakwera phiri la Mulanje kuchokera mu Blantyre. Konzani kaye jumbo ya zinyalala, juzi, madzi ndi kashi.

1. Kwerani minibasi ku Limbe m'mamawa, mutsike pa Chitakale, kenako njinga yamoto mpaka Likhubula, poyambira kukwera phiri.
2. Lembetsani ku ofesi ya Forestry, tengani gaidi wakonko, mtengo gwirizanani musananyamuke.
3. Ambiri amalakwitsa apa: timabokosi tonunkhira ta mkungudza tija musagule olo akutsitsireni bwanji, mitengoyi ikutha m'phirimo ndipo mwachilengedwe imamera ku Mulanje kokha, ndiye mukagula mwatuma wodulayo ndinu.
4. Moto kolezani pa hut pokha, tinyumba togonamo alendo m'phirimo.
5. Sapitwa, nsonga yaitali kwambiri ya phirili, ndi mamita 3,002, chifunga chikatsika gaidi nkunena kuti tibwerere, osalimbana naye.
6. Zinyalala tsikani nazo, ndi timapepala ta masiwiti tomwe.