Momwe mungayezetsere mahomoni ndi magazi ngati mukukayikira kuti muli ndi PCOS

Kuyambira mu 2003, madokotala amati mayi ali ndi PCOS, vuto la kusokonekera kwa mahomoni a amayi, akapeza ziwiri mwa zizindikiro zitatu izi: kusamba modumphadumpha, kuchuluka kwa mahomoni achimuna monga testosterone, ndi timatuza tambirimbiri pa ziwalo zosunga mazira, tomwe timaoneka pa sikani. Choncho sikani yokha siikwanira, ndipo magazi ayenera kuyezedwa.

Yambani ndi kulemba masiku onse amene mwasamba kwa miyezi ingapo, chifukwa mahomoni a LH ndi FSH, omwe amayendetsa kukhwima ndi kutuluka kwa dzira, amayezedwa pakati pa tsiku lachiwiri ndi lachisanu la msambo.

Kenako fotokozerani adokotala mankhwala onse amene mukumwa, ngakhale asanakufunseni. Apa ndi pamene zinthu zinandisokonekera. Ku chipatala china cholipira ananditenga magazi osafunsa ngati ndinali pa mapiritsi olera, zotsatira zinaonetsa kuti testosterone ili bwinobwino, ndipo ndinabwerera kunyumba ndi chitonthozo chabodza pamene tsitsi la pachibwano, chizindikiro cha kuchuluka kwa mahomoni achimuna, linkangowonjezeka. Mapiritsi amenewa amatsitsa testosterone, ndiponso amachulukitsa puloteni ya SHBG imene imaimanga m'magazi, kotero kuti chithunzi chenicheni chimaoneka pakadutsa miyezi pafupifupi 3 chisiyireni mapiritsiwo. Musawasiye panokha, kambiranani ndi adokotala za njira ina yolera pa nthawiyo. Ndalama zoyezera mahomoni ndi zambiri, ndipo kuzilipira kawiri kumawawa. Funsani mitengo m'malabu angapo, popeza imasiyana kwambiri.

Tsiku lomwelo lotengedwa magazi pemphani full blood count (kuwerenga maselo a m'magazi) ndi ferritin (puloteni yosonyeza ayironi wosungidwa m'thupi). Mayi amene amatha miyezi osasamba sataya ayironi wambiri, ndipo ferritin yake ikhoza kukwera, pamene mnzake amene amataya magazi ochuluka msambo ukabwera mochedwa akhoza kukhala ndi hemoglobin (puloteni yonyamula mpweya m'magazi) yosafika 12 g/dL, komwe ndi kuchepa kwa magazi. Ndi chifukwa chake sindivomereza kugula mapiritsi owonjezera magazi musanayezetse, ndipo ogulitsa zitsamba “zotsuka chiberekero” pa WhatsApp ndi Facebook muwapewe ndithu. Ngati mwangodwala malungo, dikirani muchire, chifukwa matenda amakweza ferritin.

Shuga ayezedwenso, popeza ambiri a PCOS thupi lawo silimvera bwino insulini, homoni yotsitsa shuga m'magazi. Njira yodalirika ndi yomwa madzi a shuga wa magalamu 75 mutagona osadya. Ya HbA1c, yoonetsa mlingo wa shuga wa miyezi ingapo yapitayo, ndi yachidule koma imanamiza ngati magazi ndi ochepa.

Zotsatira zonse mupite nazo kwa dokotala wa amayi pamodzi ndi za TSH (homoni yoyendetsa chithokomiro) ndi prolactin (homoni yopangitsa mkaka wa m'mawere). Akakupatsani metformin, mankhwala othandiza thupi kumvera insulini, vitamini B12 aziyezedwa nthawi ndi nthawi, ndipo mukadutsa masiku 90 osasamba pamene mulibe pakati, bwererani kuchipatala.