Mmene ndinathetsera chuku m'matumba a chimanga

Chaka chatha chimanga changa chinayamba kununkha chinyezi patangotha mwezi umodzi ndichiikireni m'matumba. Nditamasula thumba lapansi, njere zambiri zinali zitachita chuku chobiriwira, ndipo m'kati munali mofunda.

Ndinathiramo Actellic wina, koma sindinaphule kanthu. Mankhwala amenewa amapha anankafumbwe, chuku sachikhudza. Kusintha matumba nakonso sikunathandize.

Vuto linali chinyezi. Chuku ndi tizamoyo ting'onoting'ono timene mbewu zake zimauluka mumpweya. Tizamoyoti tikapeza chimanga chosauma bwino timamera n'kumachidya, ndipo kupuma kwake ndi kumene kumafunditsa thumba. Mtundu wina, Aspergillus flavus, umatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin amene amawononga chiwindi, ndipo satha ngakhale nsima ipse bwanji. N'chifukwa chake chovundacho ndinachisankha n'kuchikwirira. Ngakhale nkhuku sindinazipatseko.

Chotsalacho ndinachiyanika pa lona masiku anayi, masana ndikumachivundula. Koma chimene chinandipulumutsa ndi botolo ndi mchere. Ndinatenga botolo lagalasi louma, n'kuthiramo chimanga chodzaza dzanja ndi masupuni awiri a mchere umene ndinayamba ndaukazinga kuti uume. Ndinatseka, kukhutchumula, n'kudikira pang'ono. Nditayesa tsiku lachiwiri loyanika, mchere unamatirira m'mbali mwa botolo, kusonyeza kuti chinyezi chikadalipo, chonsecho njere inkalira ndikailuma. Mano akanandinamiza! Tsiku lachinayi mchere sunamatirirenso.

Apo m'pamene ndinachibwezera m'matumba, n'kuwasanja pa matabwa, kutali ndi khoma. Pa njira imeneyi, ndalama inangopita pa lona basi.